Ufa ndi wa Eni, Nthungululu ndi za Andale

M'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, patangopita masiku ochepa namondwe wa Freddy atasakaza chigawo cha kummwera, ndinanyamuka ku Blantyre kupita kwathu ku Phalombe kukafunafuna azakhali anga, amene foni yawo inali itasiya kupezeka kuyambira usiku umene mvula inakula. Galimoto inatisiya panjira chifukwa madzi anali atadula msewu, choncho mtunda wotsalawo ndinauyenda pa kabaza ndi pansi, ndikudutsa m'minda imene chimanga chake, chomwe chinali chitatsala pang'ono kukhwima, chinali chitakwiririka ndi mchenga ndi miyala yochokera m'phiri. Azakhali ndinawapeza ali moyo pa sukulu ina ya pulaimale imene inasanduka msasa wa anthu osowa pokhala. Nyumba yawo inali itagwa, mbuzi zinapita ndi madzi, ndipo zimene anapulumutsa zinali chitenje chimene anavala, poto mmodzi ndi zidzukulu ziwiri.

Ndinakhala nawo masiku angapo, ndipo tsiku lina madzulo kunabwera lole itadzaza matumba a ufa, nyemba, mafuta ophikira ndi mabulangete. Achinyamata anatsitsa katunduyo n'kumuunjika m'kalasi ina, khomo n'kukhoma. Tinauzidwa kuti aliyense asonkhane pabwalo la sukulu 8 koloko m'mawa. Anthu anasonkhanadi, ena atafika kusanache, koma dzuwa linakwera mpaka kufika paliwombo khomo lija lili chitsekere, chifukwa mlendo wolemekezeka amene anayenera kukhazikitsa ntchito yogawa anali asanafike. Ana ankalira ndi njala ufa uli kuseri kwa khoma, pamtunda woti munthu n'kuponya mwala. Mlendoyo, yemwe anali mkulu wina wa ndale, anafika cha m'ma 2 koloko masana ndi mdipiti wa magalimoto. Analankhula a mfumu, analankhula a khansala, analankhula wina wachipani, ndipo pomaliza mlendo uja anaimirira nanena kuti bwana wamva kulira kwathu ndipo wamutuma kuti atibweretsere chakudya. Amayi analulutira. Agogo ena okalamba kwambiri anaitanidwa kutsogolo kuti alandire thumba loyamba, ndipo popeza wojambula sanajambule bwino ulendo woyamba, anawauza kuti abweze thumbalo alilandirenso kachiwiri atagwada. Pa thumba limenelo panali dzina la bungwe lina la kunja ndi mbendera ya dziko limene linapereka ndalama, koma pa zolankhula zonse za tsikulo dzina la dzikolo silinamveke ngakhale kamodzi.

Usiku umenewo, tikudya nsima ya ufa womwewo, ndinawauza azakhali kuti chakudyacho sichinachokere m'thumba mwa bwana amene anthu anamuimbira nyimbo, ndipo ndinawaonetsa malemba a pa thumbalo. Anandiyang'ana nati, "Mwana wa achimwene anga, ine Chingerezi sindiwerenga. Amene ndamuona ndi maso anga ndi amene wabwera pano. Kodi ukufuna ndithokoze mbendera?" Kenaka anatsitsa mawu nawonjezera kuti, "Ndiponso zimenezo usazilankhule mokweza. Iwe mawa ubwerera kutauni, koma ine dzina langa likasowa m'kaundula, anawa adya chiyani?" Mawu achiwiriwa ndi amene akhala akundivutitsa kuyambira tsiku limenelo, chifukwa anandisonyeza kuti nthungululu zimene ndinamva masana zinali ndi mantha mkati mwake.

Ife Achewa, Alomwe, Ayao ndi mitundu ina yonse ya kuno tinaleredwa kuti wokupatsa chinthu umamulandira ndi manja awiri ndi kumuthokoza, ndipo mwana amene walandira osaomba m'manja amadzudzulidwa. Khalidwe limeneli ndi labwino ndipo sindifuna kuti lithe. Chimene chimandiwawa n'chakuti andale analiphunzira bwino khalidweli n'kulisandutsa msampha. Makolo anati kupatsa n'kuika, kutanthauza kuti ukathandiza mnzako lero wasunga thandizo lako la mawa. Wandale akaima patsogolo pa matumba amene sanagule, nayenso akuika, ndipo chimene akuyembekeza kudzatapa ndi voti. Kusiyana kwake n'kwakuti iye akuika ndi chimanga cha eni, chogulidwa ndi misonkho ya namwino wa ku Ireland, mlimi wa ku America kapena wogwira ntchito m'fakitale ku Germany, ndipo nthawi zina chogulidwa ndi misonkho ya anthu omwewo amene agwada pamaso pake, pakuti ngakhale mayi wa kumudzi amalipira msonkho akagula sopo, shuga wa m'paketi kapena mayunitsi a foni.

Chizolowezi chimenechi sichinayambe dzulo, ndipo palibe chipani chimene chingaloze chinzake chala. M'nthawi ya Kamuzu Banda amayi a mbumba ankaimba kuti zinthu zonse za m'dziko muno ndi za Ngwazi, ndipo mibadwo inakula ikudziwa kuti msewu, chipatala ndi sukulu ndi mphatso zochokera kwa munthu mmodzi, ngakhale kuti likulu la Lilongwe linamangidwa ndi ngongole yochokera ku South Africa ndipo zitukuko zina zambiri zinadalira ndalama za Britain, Germany ndi World Bank. Titavotera ndale za zipani zambiri mu 1993 tinasintha malamulo, koma nyimboyo inangosintha dzina la woimbidwa. Pulogalamu ya Starter Pack, imene inayamba m'nyengo yolima ya 1998/99 ndipo inkapatsa mabanja a alimi feteleza pang'ono ndi mbewu, inalandira ndalama zambiri kuchokera ku boma la Britain ndi abwenzi ena, koma kumudzi inkadziwika ngati chifundo cha Bakili Muluzi, ndipo chisankho cha 1999 chinabwera anthu akukolola chimanga cha timapaketi timeneto. Atsogoleri amene anabwera pambuyo pake, aliyense m'nthawi yake, anajambulidwapo akupereka thumba la ufa kwa nkhalamba pamsonkhano wodzaza nsalu za chipani.

Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri ndi Mtukula Pakhomo, chifukwa ndi ndalama zimene zasunga miyoyo ya agogo ambiri olera ana amasiye. Pulogalamuyi inayamba moyesera m'boma la Mchinji mu 2006 mothandizidwa ndi UNICEF, ndipo inakula mpaka kufika m'maboma onse 28. Kwa zaka zambiri ndalama zimene mabanja ankalandira zinkachokera ku Germany, European Union, Ireland ndi World Bank, pamene boma lathu linkalipira ndi ndalama zake m'boma limodzi lokha, la Thyolo. Komabe nyengo ya kampeni ikafika, mumamva pamisonkhano kuti mukavotera chipani china Mtukula Pakhomo atha, ngati kuti ndalamazo zimatuluka m'thumba la malaya a wolankhulayo. N'chimodzimodzi ndi mankhwala otalikitsa moyo, amene anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala zathu mu 2004 ndi ndalama za Global Fund, ndipo ntchito yambiri yolimbana ndi HIV yakhala ikuyenda ndi thandizo la boma la America kudzera mu pulogalamu yake ya PEPFAR. Anthu ambiri amene ali moyo lero chifukwa cha mankhwala amenewa sanauzidwepo momveka bwino kuti botolo limene amakatenga kuchipatala limalipiridwa ndi ndani, ndipo chifukwa chakuti sanauzidwe, sanakhalepo ndi mpata wofunsa aphungu awo kuti dziko likukonzekera bwanji tsiku limene eni ndalamazo adzatope.

Munthu angafunse kuti vuto lili pati ngati chakudya chafika ndipo ana adya. Ine ndikuona kuti vuto lalikulu lili pa chimene chimachitikira mlandu pamene ulemu wapita kwa munthu wolakwika. Taganizani za njala ya 2002, imene ife amene tinaiona sitidzaiiwala, pamene anthu ankadya mizu, nthochi zosakhwima ndi gaga, ndipo ena anamenyedwa koopsa chifukwa chothyola chimanga chachiwisi m'munda mwa eni. Chimanga cha m'nkhokwe za dziko, chomwe chinali matani opitirira 160,000, chinali chitagulitsidwa njalayo isanafike pachimake. Boma linati linatsatira malangizo a IMF, bungwe lobwereketsa ndalama ku mayiko, ndipo a IMF anati iwo analangiza zogulitsa gawo lokha osati nkhokwe yonse. Boma linachedwa kuvomereza kuti zinthu zaipa mpaka mu Febuluwale 2002, pamene linalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Tsono onani mmene zinthu zinagawidwira: kutha kwa chimanga kunakhala mlandu wa alendo, koma chimanga cha alendo chitafika chinakhala chifundo cha atsogoleri athu. Kagawidwe kameneka kakubwerezeka mpaka lero. Mvula ikavuta akuti ndi kusintha kwa nyengo, ndalama zikasowa akuti ndi mayiko akunja, koma lole ya ufa ikalowa m'mudzi akuti ndi bwana. Mtsogoleri amene akulandira nthungululu za thumba ayenera kulandiranso funso lakuti n'chifukwa chiyani nkhokwe inali yopanda kanthu, ndipo mwambo wogawa ufa uja unakonzedwa m'njira yoti funso limenelo lisapeze polowera, pakuti munthu amene wagwada ndi thumba m'manja sangafunse mafunso.

Kwathu ku Phalombe funso limeneli ndi lolemera kwambiri, chifukwa Freddy sanali woyamba. Mu Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri n'kupha anthu mazanamazana, ndipo m'chaka chomwecho dziko linakhazikitsa lamulo loona za kukonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi. Kuchokera apo tinaona madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, namondwe wa Ana mu Januwale 2022 amene anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndi wa Gombe patangopita miyezi iwiri. Lamulo latsopano lolowa m'malo mwa la 1991 linakhala likukambidwa kwa zaka zambiri, ndipo Nyumba ya Malamulo inadzalivomereza mu 2023, Freddy atasiya kale anthu opitirira 650,000 opanda pokhala, ndipo omwalira pamodzi ndi osowa atapitirira 1,000. Ntchito zimene zikanachepetsa maliro amenewa, monga kupezera anthu malo okhala kutali ndi mitsinje ndi m'munsi mwa mapiri, kuteteza mitengo ya m'phiri la Soche ndi la Michesi, kumanga milatho yolimba ndi kuchenjeza anthu nthawi ikadalipo, ndi ntchito zotenga zaka, zodzetsa mikangano ya malo, ndipo palibe amene amaziimbira nyimbo. Kugawa ufa kumatenga masana amodzi ndipo madzulo ake kumaoneka pa kanema. Ngati ife ovota timapereka ulemu wathu wonse ku ntchito ya masana amodzi, tisadabwe kuona andale akuthamangira komweko.

Sindikufuna kukhala wosalungama kwa atsogoleri, pakuti pali gawo limene ndi lawodi. Mayiko ndi mabungwe akunja kawirikawiri sangabweretse thandizo lalikulu ngati boma silinavomereze kuti pali vuto ndi kupempha. Lazarus Chakwera atalengeza pa 13 Malichi 2023 kuti maboma a kummwera ali pa ngozi, khomo linatseguka, ndipo tinaona ndege ndi asilikali ochokera ku Tanzania ndi Zambia akuthandiza kupulumutsa anthu ndi kufikitsa chakudya kumene misewu inaduka. Peter Mutharika anachita chimodzimodzi pa chilala cha 2016, pamene anthu opitirira 6 miliyoni anafunika chakudya, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengezanso za ngozi m'maboma 23 chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Kuvomereza msanga kuti dziko lako lili ndi njala kumafuna kudzichepetsa, ndipo mbiri ya 2002 ikutiuza mtengo wa kuchedwa. Palinso antchito a boma, a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, a m'makhonsolo, asilikali athu, apolisi ndi azaumoyo, amene anagona m'matope masabata ambiri akuwerenga anthu, kunyamula mitembo ndi kulimbana ndi kolera. Mtsogoleri akati, "Ndinapempha, abwenzi athu awa ndi awa anayankha, ndipo boma laikapo zakutizakuti kuchokera ku misonkho yanu," amenewo ndi mawu oona, ndipo ndingamuombere m'manja ndi mtima wonse. Chimene ndikukana ndi mawu akuti "ndakubweretserani", olankhulidwa ndi munthu amene akudziwa bwino kuti womumverayo sangathe kuwerenga zimene zalembedwa pa thumba.

Ndiyeneranso kunena kuti opereka thandizowo nawonso amafuna dzina. Matumba a USAID, bungwe la thandizo la boma la America, ankalembedwa kuti ndi mphatso yochokera kwa anthu a ku America, ndipo mu Malichi 2023 momwemo dziko lathu linalandira matani 20,000 a feteleza kuchokera ku kampani ya ku Russia pamwambo umene mbendera zinaonekera kwambiri, nkhondo ya ku Ukraine ili mkati. Palibe dziko limene limapereka popanda kuyembekezerapo kanthu, kaya ndi ubwenzi, malonda kapena voti ku United Nations. Sindikupempha kuti azakhali anga asiye kugwadira wandale wa kuno n'kuyamba kugwadira kazembe wa dziko lina. Ndikufuna kuti asagwadire aliyense. Gawo 30 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti boma lili ndi udindo woonetsetsa kuti anthu onse ali ndi mwayi wofanana wopeza zinthu zofunika pa moyo, ndipo chakudya ndi pogona zatchulidwa mmenemo. Munthu amene nyumba yake yagwa ndi namondwe akalandira ufa kudzera m'boma lake, walandira chimene chili choyenera iye monga nzika, mosayang'ana nsalu imene wavala kapena mmene anavotera.

Choonadi cha amene amalipira chimaonekera poyera thandizo likaima. Mu 2011, Bingu wa Mutharika atathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, ndipo abwenzi ena atayamba kuimitsa ndalama zimene ankathira m'bajeti ya boma, tinagona pa mizere ya mafuta a galimoto ndipo ndalama zakunja zinasowa. Mu 2013, nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma ya Cashgate itaphulika m'nthawi ya Joyce Banda, abwenziwo anaimitsanso thandizo la m'bajeti, limene pamodzi ndi thandizo lina linkakwana pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse a ndalama zimene boma linkagwiritsa ntchito, ndipo mankhwala anachepa m'zipatala. Mu Januwale 2025, Donald Trump ataimitsa thandizo la America ku mayiko akunja, mabungwe ambiri a zaumoyo kuno anatseka ntchito zawo ndipo antchito anabwerera kunyumba. Pa nthawi zonsezi sindinamvepo wandale ngakhale mmodzi mwa aja ankati "ndakubweretserani" akubwera kudzanena kuti apitiriza kubweretsa ndi ndalama zake. Anthu anangouzidwa kuti azungu asiya, ndipo kwa ambiri aka kanali koyamba kumva kuti azunguwo ndi amene ankapereka.

Lamulo la zipani za ndale la 2018 linaletsa opikisana pa chisankho kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa ovota, ndipo limeneli linali phazi labwino. Koma thandizo la pa ngozi limadutsa pambali pa lamuloli mosavuta, chifukwa palibe amene angaletse kugawa chakudya kwa anjala, ndipo wolamula amangoti akugwira ntchito ya boma. Chimene chingathandize n'chapafupi ndipo sichifuna ndalama zambiri. Chakudya chikafika pamsasa chigawidwe tsiku lomwelo ndi makomiti a m'mudzi pamodzi ndi antchito a khonsolo, popanda kudikira mlendo wolemekezeka. Asanayambe kugawa, munthu aimirire n'kuwerenga m'Chichewa, m'Chilomwe, m'Chisena kapena m'chilankhulo cha kumaloko kuti katunduyu wachokera kuti, ndi wochuluka bwanji, ndipo banja lililonse lilandira zingati. Mayina a olandira amatidwe pakhoma kuti aliyense awaone, ndipo pakhale kumene munthu angakadandaule dzina lake likachotsedwa popanda chifukwa. Nafenso olemba ndi atolankhani tili ndi mlandu wathu, pakuti mitu ya nkhani yakuti wakutiwakuti wapereka matumba mazana asanu ndi ife amene timailemba, osafunsa kuti matumbawo anagula ndani.

Pali anthu ena amene mayina awo sanamveke pa mwambo uja, ndipo ndi amene ndimawakumbukira kwambiri. Lole isanafike, kwa masiku angapo, anthu a pamsasapo ankadya chakudya chochokera kwa anansi awo a m'midzi ya kumtunda, amene nawonso minda yawo inali itaonongeka. Amayi a mvano ndi amayi a dawa ankabwera ndi mabeseni a ufa pamutu, wina kambale ka nyemba, wina mtolo wa nkhuni. Mphunzitsi wamkulu anatsegula makalasi usiku mvula ikugwa osadikira kalata yochokera kwa akuluakulu ake. Azakhali anawolotsedwa pa madzi ofika m'chifuwa ndi anyamata awiri amene mpaka lero sakuwadziwa mayina. Ku Chilobwe, mu mzinda wa Blantyre, achinyamata anakumba matope ndi makasu ndi manja kufunafuna anthu okwiririka, makina asanafike. Amalawi okhala ku Johannesburg, ku London ndi kwina anasonkha ndalama pa magulu a WhatsApp n'kutumiza kwawo. Anthu onsewa anapereka kuchokera m'zochepa zawo, ndipo palibe amene anaumiriza nkhalamba kuti igwade kawiri pofuna chithunzi.

Ndinabwereranso kumudzi patapita miyezi isanu. Azakhali anali atamanga kanyumba ka njerwa zosawotcha pamalo omwe aja pamene panagwa nyumba yoyamba, chifukwa analibe malo ena, ndipo phiri likadali pomwepo kuseri kwa nyumbayo. Thumba lija analisunga. Analitumbula n'kulisoka pamodzi ndi lina kuti likhale choyanikapo mphale, ndipo malemba ake anali atayamba kufufutika ndi dzuwa. Titakhala pakhonde madzulo analikoka n'kuliyala pamiyendo panga nati, "Tsopano kulibe anthu, tandiwerengera zija unkanena." Ndinawawerengera dzina la dzikolo ndi kuwamasulira mawu onse. Anafunsa ngati dzikolo lili kutali kuposa ku Joni, ndipo ndinati lili kutsidya kwa nyanja yaikulu. Anafunsanso ngati kumeneko kuli anthu olima, ndiponso ngati nakonso madzi amagwetsa nyumba, ndipo ndinavomera zonse ziwiri. Anakhala chete kanthawi akusisita thumbalo ndi chikhatho, kenaka anati, "Ngati umalemba zinthu zimene anthu akutali amawerenga, ukawauze kuti ufa unafika, ndipo ana anadya." Atatero analipinda bwinobwino n'kukalilowetsa m'nyumba, chifukwa kunja kunayamba kugwa mame.